Munthu wa ku Kambombo Amene Anandigwetsa

Ndinabadwa wochepa thupi, ndipo mpaka lero ndikaima pa asembule pamodzi ndi aphunzitsi anzanga, ana ambiri a m'makalasi akuluakulu amandiyang'ana chowerama. Ndili mwana ku Chipata anzanga ankandilanda chilichonse chimene ndagwira m'manja, kaya ndi nzimbe kaya ndi mpira wa mapepala, ndipo ndinakula ndikudziwa njira zonse zozembera anthu. Nditafika ku koleji ya zauphunzitsi ndinapezako mnyamata wina wa ku Japan amene anabwera kudzathandiza kuphunzitsa masewera. Madzulo ankaphunzitsa judo, masewera ogwetsana aja amene anthu amavala majekete oyera okhuthala n'kumanga lamba m'chiuno. Ndinalowa nawo chifukwa ndinamva kuti kumeneko wamng'ono amatha kugwetsa wamkulu. Ndinakhala naye zaka zitatu mpaka ndinafika pa lamba wabulauni, amene amatsatana ndi wakuda, wa akatswiri. Pobwerera kwawo anandisiyira mapepala angapo a Chingerezi omata pamodzi, ofotokoza moyo wa munthu amene anayambitsa judo.

Mapepala amenewo ndinawawerenga mpaka anang'ambika m'mopinda. Munthuyo anabadwira m'banja lofulula mowa wa mpunga. Mayi ake anamwalira iye ali mwana. Anali wochepa thupi ndi wofooka, ndipo kusukulu anzake ankamuzunza. Anayendayenda mumzinda kufunafuna womuphunzitsa kulimbana kwa makolo ake, mpaka kwa anthu olumikiza mafupa othyoka, chifukwa anamva kuti ambiri a iwo ankadziwa luso limeneli. Ataphunzira kwa akuluakulu angapo, anasankha zabwino, n'kutaya zovulaza, ndipo ali mnyamata ndithu anatsegula sukulu yakeyake m'chipinda chobwereka pa kachisi, pa timphasa towerengeka, ndi ophunzira osakwana khumi. Ntchito yake yeniyeni inali uphunzitsi, ndipo anamwalira ali nkhalamba, m'sitima ya pamadzi, akubwerera kwawo.

Wochepa thupi, wozunzidwa, mphunzitsi. Ndinkati ndikawerenga zimenezi ndimadziona ndekha. Sindinauzepo munthu, koma mumtima ndinkakhulupirira kuti m'Zambia monse palibe amene anamumvetsa mkuluyo kuposa ine.

Boma litanditumiza ku Chama, mkazi wanga, amene ndi namwino, analira msewu wonse kuchokera ku Lundazi. Ine ndinkadziuza kuti kumeneku ndiye kumalo koyambira chinthu. Pa temu yachiwiri ndinapempha aphunzitsi akulu kuti andilole kugwiritsa ntchito holo yodyeramo Loweruka lililonse m'mawa. Anandipatsanso matiresi asanu ndi atatu amene anatha ntchito kogona ana, onunkha, ena thonje lili panja. Ndinawayala pansi, ndinamata pakhoma chithunzi cha nkhalamba ija chimene chinali patsamba loyamba la mapepala anga, ndipo ndinauza ana khumi ndi awiri amene anabwera kuti azinditchula sensei, kutanthauza mphunzitsi m'Chijapanizi. Mawu amenewo ankandikoma kuposa dzina langa.

Munthu amene ndikufuna kunena anabwera m'chaka chachiwiri. Anali mlimi wa ku Kambombo, wamsinkhu wanga, mwina kundiposa chaka chimodzi kapena ziwiri, wamtali, wa mapewa otambalala, wolankhula pang'onopang'ono. Ankabweretsa matumba a chimanga ndi mpunga pa sukulu, awiri kapena atatu pa njinga imodzi, ulendo umene ine ndi njinga yopanda katundu ndinkafika nditatheratu. Loweruka lina atatsitsa katundu wake kusitolo anaima pa windo la holo n'kumationera. Anaima pamenepo mpaka tinamaliza. Sabata yotsatira anachitanso chimodzimodzi. Pa ulendo wachitatu anadikira ana atuluke, anavula chipewa, n'kulowa.

Chinyanja chake chinali chosakanizika ndi Chisenga, ndipo ananditchula asambizgi, monga amatchulira aphunzitsi kwawoko.

"Asambizgi, nifuna kuphunzira kugwa kumene akugwa anawa," anatero. "Nagwa pa njinga kambiri, ndipo nthawi zonse nimapweteka. Manje awa akugwa, akudzuka akuseka."

Anthu onse amene anabwerapo kwa ine ankafuna kuphunzira kugwetsa anzawo. Uyu yekha anapempha kugwa. Ndinaseka, ndinamuuza kuti abwere, ndipo kunena zoona ndinakondwa, chifukwa ndinkasowa munthu wamkulu thupi woti ndizimugwetsa pamaso pa ana kuti aone kuti zimene ndinkanena si nthano.

Miyezi itatu yathunthu sanachite china koma kugwa. Chagada, cham'mbali, chogubuduka, akumenya pansi ndi mkono monga ndinamuuzira. Sanafunsepo kuti adzayamba liti zina. Ndinkamugwetsa kakhumi pa Loweruka limodzi, iye n'kudzuka, kuwerama, n'kugwiranso jekete langa. Popeza Chingerezi sankawerenga, anandipempha kuti ndimufotokozere za nkhalamba ya pa chithunzi. Tinkakhala pa khonde la holo, njinga yake itatsamira khoma, ine n'kumamuuza chigawochigawo. Anaseka atamva za mowa wa mpunga, nati kwawo mpunga amangodya, nzeru imeneyo sinawafike. Atamva za imfa ya mayi a nkhalambayo anati nayenso mayi ake anamusiya asanayambe kuweta mbuzi. Masiku amenewo ndinkamukonda kwambiri. Panalibe munthu wina m'Chama yense amene ankandimvetsera chotero.

Chinthu choyamba chimene chinandilasa chinali chaching'ono. Tsiku lina ndinanena mongodutsa kuti mphasa za ku Japan amazipanga ndi mapesi a mpunga othinikizidwa. Iye anafunsa kuchindikala kwake, ine ndinamuonetsa ndi zala. Patapita masabata atatu anafika atamanga pa njinga chinthu chonga chitseko. Anali atatenga mapesi a mpunga a m'munda mwake, kuwayala mopingasa mosanjikiza, kuwapondaponda, kuwasoka ndi chingwe, n'kukuta ndi matumba a feteleza ochapa bwino. Ana anagwerapo mmodzimmodzi ndipo onse anati iyi ndiye mphasa, matiresi aja ankangowapotokola akakolo. M'miyezi iwiri anapanga zina zisanu ndi ziwiri. Ndinamuthokoza pamaso pa onse, koma pobwerera kunyumba ndinkadzifunsa kuti bwanji ine, amene ndinawerenga zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo ndikukhala pakati pa minda ya mpunga, sindinaganizepo.

Nditayamba kumuphunzitsa kugwetsa, ndinaona msanga kuti ali ndi chinthu chimene ine ndilibe. Ine ndinkadziwa mayina onse a Chijapanizi, ndinkadziwa kuti phazi liponde apa, chiuno chilowe apa. Iye mayina ankawasokoneza, koma manja ake ankamva munthu. Akagwira kolala ndi mkono wa jekete lako, ankadziwa kumene kulemera kwako kukupita iwe usanadziwe. Mwina zinachokera ku zaka zoyendetsa njinga yolemedwa mumchenga, sindikudziwa. Sankagwiritsa ntchito mphamvu zake n'komwe, ngakhale anali nazo zochuluka. Ankangodikira.

Mwezi wa Okutobala, kutentha kwa m'chigwa kuja kumene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe, kunali tsiku loti makolo adzaone sukulu. Aphunzitsi akulu anandipempha kuti tionetse masewera athu. Tinatulutsa mphasa zija panja pamthunzi. Panali makolo, aphunzitsi, anthu a m'maofesi a pa boma, ndi mkazi wanga amene anachoka kuchipatala atavala yunifolomu yake. Ana anaonetsa zawo. Kenako ndinalankhula za nkhalamba ija, kuti inaphunzitsa kuti munthu asalimbane ndi mphamvu ya mnzake koma aigwiritse ntchito, ndipo kuti aone okha ndinaitana munthu wa ku Kambombo uja. Anthu anaseka atationa taima pamodzi, mutu wanga ukulekeza pachifuwa pake. Ndinamunong'oneza kuti asandichitire chifundo, alimbane nane zenizeni. Ndinanena zimenezo chifukwa ndinali ndisanagwepo m'manja mwake.

Tinagwirana. Ndinamukoka, ndinamuzungulitsa, ndinaponda kutsogolo kuti ndilowetse chiuno. Phazi langa lisanafike pansi iye analisesa ndi lake, mopepuka ngati akuchotsa tsamba panjira. Ndinaona nthambi za mtengo ndi thambo, kenako msana wanga unamenya mphasa. Ndinagwa bwino, mkono unamenya pansi mmene ziyenera kukhalira, sindinamve kupweteka paliponse. Anthu anakuwa, amayi ena analuluta. Iye anali atagwirabe mkono wa jekete langa kuti mutu usagunde, monga ndinamuphunzitsira.

Ndinadzuka, ndinakonza lamba, ndinauza anthu kuti tinapangana kuti atero pofuna kuwaonetsa mmene munthu amagwera osavulala. Anthu anaomba m'manja. Iye anandiyang'ana kamodzi, n'kuwerama. Mkazi wanga sanaombe nawo.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasintha. Sindinamuthamangitse, sindinamukalipire, ndinangoyamba kumudya pang'onopang'ono. Ndinkamufunsa dzina la Chijapanizi la kagwetsedwe kena pamaso pa ana, ndikudziwa kuti lilime lake lipunthwa, ana n'kuseka. Ndinkamuimitsa pakati pa kulimbana kuti chala chake chakuphazi chaloza kolakwika. Ana amene anayamba pambuyo pake ndinawakweza malamba, iye ndinamusiya pa lamba woyera, wa oyamba kumene, ndikunena kuti sangakwere asanadziwe mayina. Ndinasiya kulimbana naye, ndinkati bondo likundivuta. Nkhani za pa khonde zija zinatha, ndinkati ndili ndi mapepala a mayeso oti ndichonge. Iye ankabwerabe Loweruka lililonse, thukuta lili chuchuchu, n'kuyala mphasa ine ndisanafike. Ana anayamba kumutchula adada, ndipo akakanika chinthu ankapita kwa iye osati kwa ine. Ndinkaima pakona ndi wezulo yanga, ndikuwaona atamuzungulira.

Chaka chotsatira, mvula itangosiya, kunabwera mlendo. Anali mayi wa ku Lusaka, wa lamba wakuda, amene ankayendera magulu ang'onoang'ono a judo m'maboma akutali. Ndinali nditamulembera ndekha kumupempha kuti adzatione. Ndinachapa jekete langa kawiri, ndinapukuta chithunzi cha pakhoma. Mayiyo anali wamfupi ngati ine, wa imvi pang'ono, wosakonda zolankhula zambiri. Analimbana ndi aliyense. Ndi ine anatha mphindi ziwiri, anandigwetsa katatu, nati maziko anga ndi abwino, zikuoneka kuti ndinaphunzitsidwa ndi munthu wodziwa. Kenako anagwira munthu wa ku Kambombo. Anazungulirana nthawi yaitali. Ndinaona nkhope ya mayiyo ikusintha, kenako anayamba kumwetulira. Mayiyo anamugwetsa kamodzi, movutikira. Atayambiranso, mwendo wa mayiyo unasesedwa, ndipo anapulumuka pogwera chafufumimba osati chagada. Anadzuka akuseka, akupukuta thukuta, n'kufunsa kuti munthu uyu wa lamba woyera anamuphunzitsa ndani.

Iye anandiloza ndi manja awiri, mwaulemu, nati zonse anaphunzira kwa asambizgi.

Mphunzitsi wabwinobwino akanasangalala. Ine ndinangoona kuti mayiyo ankandiyang'ana mphindi imodzi, koma maso ake anali pa mlimiyo tsiku lonse. Anagwada n'kupapasa mphasa zija, anafunsa kasokedwe kake, anazijambula ndi foni. Chithunzi cha nkhalamba chimene ndinamata pakhoma sanachiyang'ane.

Patapita milungu ingapo anandiimbira foni masana, ndikudya kunyumba, mkazi wanga ali pomwepo. Anati ku Lusaka kukhala maphunziro a masabata awiri, kudzabwera akatswiri ochokera kunja, ndipo pomaliza padzakhala mayeso a malamba. Chama anaipatsa malo amodzi, ulendo ndi malo ogona zonse zokonzedwa. Anati ndimutumize mlimi uja, munthu wotero sapezeka kawirikawiri, akamuona akuluakulu akhoza kumudumphitsa malamba angapo. Foni ya mlimiyo sinkapezeka chifukwa kwawoko netiweki amaipeza pokwera pachulu, choncho anandipempha kuti ndimuuze ndine.

Sindinaganize n'komwe. Mawu anatuluka okha ngati ndinawakonzeratu. Ndinati ndinalankhula naye kale za maulendo otere, ndipo anakana, ino ndi nthawi yokolola mpunga, sangasiye munda. Mayiyo anadandaula, kenako anati ngati ndi choncho ndipite ineyo kuti malowo asapite pachabe.

Nditaika foni pansi mkazi wanga anapitiriza kudya. Patapita kanthawi anafunsa osandiyang'ana.

"Munamufunsa liti?"

Ndinati ndikumudziwa munthuyo, sakanavomera, komanso Chingerezi sadziwa, akanakavutika. Ndinati ine ndiye ndinayambitsa gululi, ndakhala pa lamba wabulauni zaka zambiri, ndipo phindu la ulendowu lidzafika kwa onse kudzera mwa ine. Ndinalankhula nthawi yaitali. Iye anasamba m'manja, anatenga chikwama chake kuti abwerere kuntchito, ndipo ali pakhomo anati, "Lamba ameneyo adzakuthinani, bambo."

Ndinapita. Ndinauza gulu kuti andiitana ine, ndipo munthu wa ku Kambombo ndiye anandinyamulira chikwama pa njinga yake kukafika pokwerera basi. Ku Lusaka ndinali wamkulu msinkhu kuposa ambiri ndi wochepa mphamvu kuposa onse. Bondo limene ndinkanamizira lija linayamba kupweteka zenizeni. Koma mayina ndinkawadziwa, ndondomeko ndinkaidziwa, mbiri ya nkhalamba ija ndinaiyankha bwino kuposa aliyense, ndipo tsiku lomaliza anandimanga lamba wakuda. Ndinali nditaulota kuyambira ku koleji. Ndinaugwira m'basi ulendo wonse wobwerera, ndikudikira kuti chimwemwe chifike.

Loweruka loyamba nditabwerako mlimi uja anabwera, anandigwira chanza ndi manja awiri, anapempha kuti augwireko lambawo. Anauyang'ana kusokedwa kwake, anaubweza. Kenako anasowa mwezi wathunthu. Atabweranso anati anatanganidwa, ndipo anandiuza kuti anthu ena kwawo amupempha kuti aziwaonetsa kugwa, ndiye wayamba kukumana nawo Lachitatu ndi Lamlungu madzulo kuseri kwa tchalitchi. Anapempha chilolezo changa. Ndinamuloleza mokweza mapewa, ndikuganiza kuti ndi anthu atatu kapena anayi ogubuduka m'fumbi. Ndinamukumbutsa kuti wa lamba woyera saphunzitsa, angowaonetsa zoyambirira.

Panapita miyezi isanu asanandikakamize kuti ndikawaone. Ndinapalasa njinga Lamlungu lina, lamba wakuda ali m'chikwama. Ndinafika dzuwa litapendeka. Kuseri kwa tchalitchi anali atamanga chisakasa chachikulu cha udzu, pansi atayala mphasa zake zija, zambiri kuposa za kusukulu kwathu. Panali anthu oposa makumi atatu. Anyamata, abambo a mabanja awo, amayi atavala mathalauzi mkati mwa zitenje, ndi anthu awiri oteteza nyama zakutchire amene ankachokera ku Chifunda. Majekete awo anasokedwa ndi telala wa pamudzipo kuchokera ku tenti yakale, obiriwira, olimba. Nditalowa onse anaima pamzere n'kuwerama, ndipo iye anawauza m'Chisenga kuti uyu ndiye mwini wake wa zonse zimene akuphunzira.

Ndinawaonera. Ankagwa bwino kuposa ana anga. Panalibe wotchula dzina la Chijapanizi ngakhale limodzi, kagwetsedwe kalikonse anakapatsa dzina lawolawo, kena kusenza thumba, kena kutchera ndale. Mayi wina wochepa thupi anagwetsa mmodzi wa oteteza nyama aja, anthu n'kuseka, wogwayo akuseka nawo. Mlimi uja ankayenda pakati pawo, kugwira phewa apa, kukankha chiuno apo, osakweza mawu.

Pomaliza anakhala pansi onse, ndipo ndinamva kuti ndi mwambo wawo kuti mlimiyo awafotokozereko pang'ono za munthu amene anayambitsa masewerawa. Chisenga ndinali nditayamba kuchimva. Inali nkhani yanga yomwe ija, ya pa khonde la holo, sanawonjezere kanthu. Koma ine ndikamaifotokoza inkamveka ngati phunziro la m'kalasi. Iye ankanena ngati akunena za amalume ake. Tsiku limenelo anafika pa imfa ya m'sitima, nkhalamba ikudwala pakati pa madzi, kwawo kutatsala pang'ono kuoneka. Pakati pa anthu amene sanaonepo nyanjawo, mayi wina ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ndinakhala pamenepo ndi lamba wanga watsopano, ndipo ndinadziwa chinthu chimene ndinkachikana kwa zaka ziwiri. Amene ankafanana ndi nkhalamba ija sanali ine. Ine ndinali nayo msinkhu ndi ntchito chabe. Anali uyu, wamtali, wosawerenga, wa lamba woyera wothimbirira ndi dothi. Nsanje imene ndinamva nthawi imeneyo inaposa ya tsiku limene anandigwetsa. Kugwetsedwa ndinkatha kunamizira. Apa ananditengera munthu amene ndinkamuyesa wanga ndekha.

Mmodzi wa anthu a ku Chifunda anafunsa ngati nkhalambayo inagwetsedwapo ndi ophunzira ake. Mlimiyo anati zimenezo sakuzidziwa, koma asambizgi ali pano, ndiwo ali ndi mapepala. Onse anatembenukira kwa ine.

Mapepala anga ankanena ndithu kuti ena mwa ophunzira ake anadzakhala akatswiri olimbana kuposa iye, kuti ndiwo anatchukitsa sukulu yake pa mipikisano, ndipo iye ankawanyadira. Chigawo chimenecho sindinamuuzepo munthu. Ndinkachidumpha ngakhale powerenga ndekha. Ndinawauza. Mawu anga anatuluka owuma, koma ndinawauza.

Anthu atabalalika, mlimiyo anandiperekeza, aliyense akukankha njinga yake. Tinadutsa minda ya chimanga yokololedwa kale. Tili pakati pa njira ndinaima, ndinamuuza zonse: foni ija, bodza la mpunga, kuti malo aja anali ake. Ndinkayang'ana tayala la njinga polankhula.

Anati ankadziwa. Sabata imene ndinabwerako, mayi uja anamutumizira jekete lenileni la judo kudzera kwa kondakitala wa basi, muli kakalata konena kuti anamva chisoni kuti zokolola zinamulepheretsa kupita. Mwana wa mlongo wake ndiye anamuwerengera.

"Mpunga ninali nitakolola kale, asambizgi," anatero. "Nikanapita. Ku Lusaka sininafikeko chibadwire."

Sanakweze mawu. Anati mwezi uja anasowa chifukwa sakanatha kundiyang'ana kumaso, ndipo jeketelo analiika m'sutikesi, sanalivalepo. Ndinadikira kuti anene kuti wandikhululukira, kapena anditukwane, chilichonse choti ndigwirepo. Sananene. Tinayendanso pang'ono, kenako anafunsa ngati ku Lusaka anatiphunzitsa njira zogwirira munthu pansi akagwa, chifukwa zimenezo anthu ake amamufunsa ndipo iye sazidziwa bwino. Ndinati anatiphunzitsa. Anati manje ndizibwera kamodzi pa mwezi ndidzawaonetse. Pa mphambano anawerama, anatembenuza njinga, n'kubwerera.

Ndinamuimbira mayi uja mawa lake n'kumuuza zoona. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nati wamva, ndipo maphunziro ena akadzakhalapo adzandidziwitsa. Sanandiimbirenso. Ndinamva pambuyo pake kuti anasiya kuyendera maboma chifukwa cha matenda a msana. Ndalemba makalata angapo kwa ena, koma Chama ndi kutali, ndipo mwayi wonga uja sunabwerenso. Chimene lamba wanga amandilola kuchita ndinachita: ndinamuyesa mayeso pamaso pa anthu ake, osamufunsa dzina la Chijapanizi ngakhale limodzi, n'kumumanga lamba wanga wakale wabulauni. Ndi wamfupi kwa iye, nsonga zake zimangotulukira pang'ono pa mfundo. Kupitirira pamenepo ine sindingamukweze.

Ndikadali ku Chama. Gulu la kusukulu limakula n'kuchepa malinga ndi ana amene abwera chaka chimenecho. La ku Kambombo labala lina ku Chifunda. Kamodzi pa mwezi ndimapalasa njinga kupita kumeneko, ndipo ndikanena kuti nsanje inatha ndiye kuti ndanamanso. Imandipezabe pamene anthu atsopano afika n'kundilambalala ine, wa lamba wakuda, kukagwira chanza iye. Imandipeza mkazi wanga akamanena kuti odwala ochokera kumeneko amamutchula ndi ulemu ngati m'busa. Kusiyana kwake n'koti tsopano ndimaidziwa ikamabwera, ndipo ndimatseka pakamwa mpaka idutse.

Ndinayambiranso kulimbana naye. Amandigwetsa pafupifupi nthawi zonse. Chaka chatha, mwezi wozizira, ndinamukoka, anabwera, ndinalowa pansi pake ndipo anadutsa pamwamba pa phewa langa n'kugwa chagada, mphasa inalira. Anthu ake anaomba m'manja nthawi yaitali. Anadzuka akumwetulira nati ameneyo sanamuone kubwera. Ndinapalasa njinga kubwerera ku boma ndikubwereza kagwetsedwe kaja m'mutu, ndikufufuza ngati phazi lake linachedwa lokha kapena analichedwetsa dala. Mkazi wanga anati ndingomufunsa. Sindinamufunse.